Zimene Tinaona pa Depoti ya Lilongwe

Tinakwera minibasi pa Kamphata dzuwa lisanatuluke, ulendo wa ku Lilongwe kukagula mabuku a ana a sukulu. Pa Nathenje ndi pa Nanjiri tinali kupitirira amayi atasenza mitolo ya nkhuni, ndiponso abambo alikukankha njinga za makala pa zitunda. Onsewo anali a matupi ouma monga momwe tiliri ife a kumudzi.

Titatsika pa depoti tinamva mawu kumbuyo kwathu: "Aphunzitsi, mwafika liti?" Anali mayi wina amene tinamphunzitsa Sitandade 5 zaka zambiri zapitazo, kamtsikana kamene kanali kutsogola pa mpikisano wothamanga. Tsopano amagulitsa kaunjika pafupi ndi mtsinje wa Lilongwe. Ife mwa chizolowezi chathu tinati, "Mwanenepatu mayi, tauni yakuyanjani!" Iye anaseka pang'ono, natulutsa m'chikwama kabuku kake ka kuchipatala. "Kunenepa mukuyamikaku, aphunzitsi, ndiko kwandipatsa shuga ndi BP." Tinachita manyazi ndithu.

Anatipatsa mpando pa malo ake a malonda, ndipo tinakhala pamenepo kufikira masana tilikuyang'ana moyo wa pa msika. Mayiyu amachoka kunyumba m'bandakucha pa kabaza wa njinga yamoto, pakuti katundu ndi wolemera ndipo malo abwino amatengedwa msanga. Akafika amakhala pansi tsiku lonse, chifukwa akachokapo wakuba sachedwa. Nthawi yophika palibe. Chakudya chimene chimampeza pomwepo ndicho tiyi wa shuga wambiri, mandasi, tchipisi cha pa chiwaya choyandama m'mafuta, ndi chakumwa chotsekemera cha m'botolo. Madzulo ndiye nsima ya ufa woyera, mitanda ingapo, pakuti mgaiwa ambiri amauyesa chakudya cha osauka. Nanga zipatso? Mango amene kwathu amawolera pansi pa mtengo, kuno ali pa mulu ndipo mulu uli ndi mtengo wake. Munthu wa ndalama zochepa amagula chimene chikhutitsa msanga.

Kale tinali kuganiza kuti kunenepa ndi kwa mabwana okha a ku Capital Hill. Koma pa msikapo tinaona kuti kwafika ndi pa anthu opeza movutikira, amene khasu, mtondo ndi ulendo wa kuchitsime anazisiya kumudzi, osapeza china cholowa m'malo mwake.

A zaumoyo ali ndi muyeso wake, ndipo mwana wa Sitandade 8 angathe kuuwerengera. Tengani kulemera kwanu m'makilogalamu, mugawe ndi msinkhu wanu m'mamita, kenaka mugawenso ndi msinkhu womwewo. Yankho likafika 25 thupi lapitirira muyeso. Likafika 30 ndiko kunenepa kodetsa nkhawa. Mayi wa mamita 1.6 amafika pa 25 akalemera makilogalamu 64, ndipo pa makilogalamu 77 wafika kale pa 30. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Malaŵi, 21 anali opitirira muyeso: m'matauni 36, kumidzi 17. Kafukufuku yemweyo anapeza ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 ali opinimbira. Mavuto awiriwa nthawi zina amagona m'nyumba imodzi.

Komatu chimene chinatikhudza koposa ndi ichi. Mayiyu anati atayesa kuchepetsa zakudya monga anamuuzira adokotala, thupi linayamba kutsika, ndipo anansi anayamba kunong'onezana. Ena anati mwamuna wake akumzunza. Ena anati ndi kaliwondewonde. Ife amene tinaona maliro a Edzi m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa kumene mantha amenewa anachokera. Apongozi ake anachita kubwera kuchokera kumudzi kudzafunsa chimene chavuta pa banjapo. Tsono iye analeka, nabwerera ku mandasi ake, kuti pakhale mtendere.

Pamene tinati titsanzike, anatuma mnyamata kukagula mabotolo awiri a chakumwa chozizira ndi mandasi anayi. Mlendo, makamaka mphunzitsi wako, sangachoke pakhomo chimanjamanja, ndipo mlendoyo sangakane. Tinamwa tonse awiri, kabuku ka kuchipatala kali pa mulu wa malaya pakati pathu.