Ndikadatha, ndikadapita

Ndinayamba Chisipanishi ndili ndi zaka 43, mumzinda wa Salamanca ku Spain, komwe ndinakhala milungu isanu ndi umodzi pa ntchito. Masana ndinali mlangizi wa aphunzitsi, madzulo ndinkakhala pa desiki ngati mwana wa Fomu 1. Mneni amene anandichotsa matama anali poder, kutanthauza kutha kapena kukwanitsa.

Kapangidwe kake sikanandivute. Nthawi imene eni ake amaitcha condicional imapangidwa potenga mneni wathunthu n'kuphatikiza -ía, -ías, -ía, -íamos, -íais, -ían kumapeto. Hablar amasanduka hablaría. Poder ndi mmodzi mwa aneni ochepa amene tsinde lawo limasintha: e amagwa, n'kutsala podría. Anzathu a ku Tete ndi ku Angónia achenjere apa, chifukwa Chipwitikizi chimamusunga e ameneyu, poderia, ndipo lilime limathamangira komwe lidazolowera. Popempha mwaulemu sindinavutikenso. ¿Podría ayudarme? ndi "Mungandithandizeko?" wathu yemweyu.

Vuto linabwera pa ziganizo za "kukadakhala kuti". Mayi amene ndinkakhala kunyumba kwawo anandiitanira ku ubatizo wa mdzukulu wawo, koma tsikulo ndimayenera kukhala ku Madrid. Ndinawayankha ndi mtima wonse kuti, "Si podría, iría." Anaseka, nati ndikuyankhula ngati malemu amuna awo a ku Burgos. Kumpoto kwa Spain ena amanenadi choncho, koma pa mayeso n'kulakwa. Pambuyo pa si sipabwera condicional, pamabwera mtundu wina wa mneni: si pudiera, iría.

Lamuloli ndinkalidziwa. Ndinali nditalilemba m'kope n'kulidula mzere kunsi. Komabe mlungu umenewo ndinalakwitsa katatu, ndipo katatu konse mphunzitsi anazunguliza podría ndi cholembera chofiira. Kachitatuko anandifunsa ngati ndimawerenga zimene amandikonzera. Zinandiwawa, ine mwini digiri yachiwiri ya zilankhulo.

Usiku womwewo ndinanena chiganizocho m'Chichewa: ndikadatha, ndikadapita. Ndinaima pomwepo. Ife timaika -kada- mbali zonse ziwiri, ndipo amene amati -kana- amachitanso chimodzimodzi: ndikanatha, ndikanapita. Mutu wanga unapeza kuti -ría ndiye -kada-, ndiye unkamuika kawiri monga umachitira kuyambira ndili mwana. Sikunali kusasamala. Ndinkatsata lamulo mokhulupirika, kungoti linali la chilankhulo china. Ndinaonanso kuti ndikadapita wathu amanyamula zinthu ziwiri zimene Chisipanishi chimalekanitsa: iría, za lero kapena mawa, ndi habría ido, za mwayi umene udapita kale.

Mphunzitsi uja sindimuimba mlandu, Chichewa sankachidziwa. Koma ine ndinaphunzitsa Chingerezi ku sekondale zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ana anga ankalemba "If I would have money, I would go" chaka ndi chaka. M'mbali mwa pepala ndinkalemba "Careless!" Ndikukumbukira mtsikana wina wa Fomu 3 amene anasiyiratu kulemba ziganizo zotere m'chimangirizo, poopa inki yanga. Chilankhulo chake ndi changa chinali chimodzi. Ndinali ndi zonse zofunika kuti ndimuonetse kumene would wachiwiriyo ankachokera, koma ndinkaona ngati Chichewa chilibe malo m'phunziro la Chingerezi.

Masiku ano ndikakumana ndi aphunzitsi, ndimalemba "Ndikadakhala ndi ndalama, ndikadapita" pa bolodi, n'kupempha mmodzi adule mzere kunsi kwa kachidutswa kamene kabwerezedwa. Pansi pake timalemba Chingerezi, kapena se tivesse dinheiro, iria kwa a Chipwitikizi, n'kuwerenga kuti kachidutswako kaoneka kangati. Zimatenga mphindi zisanu. Kenako ndimawapempha atulutse makope a ana awo, tione zimene anazunguliza mlungu watha.