Makapisozi Awiri Sacilitsa Matenda

Anzanga acinyamata, ndi angati mwa inu amene munamwapo makapisozi amene sanakulembereni a kucipatala? Kwathu kuno ku Zemba, m'boma la Chadiza, makapisozi a amoxicillin ndi mapilitsi a Septrin timawadziwa tonse. Ena amagula awiri kapena atatu pa kantemba, ena amapempha otsala kwa anansi. Cizolowezi cimeneci cikuononga mankhwala amene tidzawafune mawa.

Mankhwalawa amachedwa maantibayotiki. Nchito yao ndi kupha tizilombo tochedwa mabakiteriya, timene timayambitsa cibayo, cinzonono, matenda a m'njira ya mkodzo ndi zilonda zotukusira. Koma cimfine wamba cimabwera ndi mavairasi, ndipo malungo ali ndi mankhwala akeake. Kumwa amoxicillin pa cimfine kapena pa malungo n'kutaya mankhwala pacabe.

Mu 1928 Alexander Fleming anatulukira penicillin ku London. Polandira mphoto ya Nobel mu 1945, iye anacenjeza kuti mankhwala akacepa m'thupi, tizilombo sitifa koma timawazolowera. Ndipo zacitikadi. Tizilombo tofooka timafa msanga, tolimba n'kutsala. Totsalato timaswana, ndipo tikagwira mng'ono wanu, mankhwala aja sagwiranso nchito. Ofufuza anapeza kuti mu 2019 mokha, anthu oposa 1.2 miliyoni padziko lonse anafa ndi mabakiteriya osamva mankhwala.

Ine ndaonapo amai akutsegula kapisozi n'kuthira ufa wake pa cilonda ca mwana. Ndaonanso ena akusungunula makapisozi m'madzi a nkhuku zikagwidwa citopa, pamene citopa ndi vairasi ndipo cimapewedwa ndi katemera. Koma cimene cimandidetsa nkhawa kopambana ndi ife eni ake, anyamata ndi atsikana. Mnyamata akaona mafinya pokodza, manyazi amamugwira. M'malo mopita kucipatala, amagula makapisozi mobisa. Kupweteka kumacepa, iye n'kumati wacira, koma matenda akadali m'thupi ndipo amapatsira mnzake. Kwa mtsikana, cinzonono cosacilitsidwa bwino cingathe kutseka njira za mazira, n'kudzamulepheretsa kubala. Masiku ano m'maiko ambiri cinzonono sicimvanso penicillin, n'cifukwa cake kucipatala amabaya jekeseni ina, ndipo amafuna kuti onse awiri alandire cithandizo.

Nanga ticite ciani? Coyamba, tikadwala tipite kucipatala kuti atipime. Akatilembera mankhwala, tifunse kuti timwe kangati, ndiponso kwa masiku angati. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Akati katatu pa tsiku, ndiye kuti pazipita maola ngati 8 pakati pake, osati kumwa onse madzulo pobwera kumunda. Mukaiwala, imwani mukangokumbukira, koma musaphatikize awiri nthawi imodzi.

Tsirizani masiku onse amene anakuuzani, ngakhale mwayamba kupeza bwino. Taonani odwala TB: amamwa mankhwala miyezi 6, ndipo amene amalekezera panjira angathe kudwala TB yosamva mankhwala, yovuta kwambiri kucilitsa. Musagawire munthu wina mankhwala anu, ngakhale akudwala mofanana ndi inu, ndipo musasunge otsala m'cikwama.

Kumbukiraninso izi. Mtsikana kapena mai wapakati anene msanga, pakuti mankhwala ena monga doxycycline sayenera kwa iye. Amene akumwa Flagyl asakhudze mowa, kaya kacasu kaya wamasese. Mwana mumuyezere mankhwala amadzi ndi kasupuni kapena kakapu kamene anakupatsani. Mukaona zidzolo pakhungu, milomo kutupa kapena kubanika, lekani kumwa ndipo thamangirani kucipatala nthawi yomweyo. Pambuyo pake muziwauza anamwino nthawi zonse kuti mankhwalawo sayanjana ndi thupi lanu. Pakapita masiku awiri kapena atatu popanda kusintha, bwererani akakuoneninso.

Ambiri a ife ndife amene timawerengera agogo ndi makolo athu zolembedwa pa kapepala ka mankhwala. Udindo uli m'manja mwathu. Pa msonkhano wanu wa acinyamata ukubwerawu, kambiranani nkhaniyi momasuka, ndipo mnzanu akakunong'onezani za vuto lake, musamuseke kapena kumugawira kapisozi. Muperekezeni kucipatala.