Magetsi Amphamvu m'Makina Akale a Pinball

Pinball ndi masewera a m'bokosi lopendekeka lovundikiridwa ndi galasi, momwe wosewera amamenya kampira kachitsulo ndi timikono tiwiri kuti kasagwere m'dzenje la kumunsi, ndipo makampani amene anawatchukitsa, monga Bally, Williams ndi Gottlieb, anali a ku Chicago ku America. Kufikira chapakati pa zaka za m'ma 1970, zigoli zinkawerengedwa ndi timagudumu tolembedwa manambala, koma pofika 1977 Bally ndi Williams anali atayamba kuika timagalasi ta mpweya wa neon, umene suyaka pokhapokha utalandira magetsi amphamvu kwambiri. Kuchokera pamenepo makinawa ananyamula kachigawo koopsa m'kati mwake, ndipo mlembi wa nkhani ino waona luso lokonza kachigawoko likukhwima, kenaka likuyamba kuzilala, m'moyo wake womwewu.

M'makina a Bally magetsi opita ku timagalasi amafika ali mavoliti pafupifupi 230, voliti ukhala muyeso wa kukankha kwa magetsi, ndipo bolodi lina limawatsitsa kufika pa 190 kudzera m'mathiranzisita atatu, tizipangizo tolamulira kayendedwe ka magetsi. Chovuta chake n'chakuti mathiranzisitawa akafa nthawi zambiri satseka njira koma amaisiya pululu, choncho mavoliti onse 230 amadutsa, manambala n'kumawala bwino lomwe, mwini makina osadziwa kuti timagalasi tikupsa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito sankakhulupirira maso ake. Ankagunditsa mita pamalo oyezera, dzanja lina ali atalipisa m'thumba kuti magetsi asadutse pachifuwa, n'kupotoza kachitsulo kosinthira mphamvu. Nambala ya pa mita ikapanda kusuntha, ankadziwa kuti mathiranzisita atatu aja ayenera kuchotsedwa onse pamodzi, pakuti imodzi ikafa imapweteka zinzake. Asanagwire bolodi ankayamba watsitsa magetsi otsalira mu kapasita, kachitini kamene kamasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo ambiri pomaliza ankasiya mphamvu pa 170 m'malo mwa 190 kuti galasi likhalitse.

A Williams anatsata njira ina, ya mizere iwiri ya mavoliti 100, wina wa pozitivi wina wa negetivi, kotero kuti umodzi ukafa manambala amazima. Komabe si kuzima kulikonse kumene kumachokera ku magetsiwa, popeza nambala imodzi yokha ikasowa, cholakwa chimapezeka pa kabolodi ka galasilo, mwina rezisita yopsa, mwina mtovu wong'aluka pamapini.

Kusintha kunadza mwakachetechete. Mu 1991 kunabwera magalasi a timadontho, ambiri mwa iwo a timadontho 128 m'litali ndi 32 m'lifupi, amene ankafunabe magetsi amphamvu. Mu 1999 Williams inasiya kupanga pinball, ndipo m'kupita kwa zaka magalasi atsopano a neon anayamba kusowa ndi kukwera mtengo. M'malo mwake munalowa zoonetsera za LED, timagetsi timene timayaka ndi mavoliti 5 okha, ndipo lero munthu amene makina ake azima amangogula zimenezi, n'kuzilumikiza, n'kuzula fuzi ya magetsi amphamvu, kachigawo konse kaja n'kugona osadzadzukanso.

Mlembi sangadane nazo zimenezi, chifukwa zapulumutsa makina ambiri amene akadatayidwa, zachotsanso ngozi yeniyeni m'manja mwa anthu osaphunzira zamagetsi. Chimene chimamuwawa n'chakuti ambiri akuzula timagalasi tamoyo pamene cholakwa chinali thiranzisita yotsika mtengo, kungoti palibe amene anawaonetsa poika mita. Galasi la neon likazima nthawi zina limakhala lisanafe, ndipo kuwala kwake kofiirira ngati khala la moto, kofewa m'mbali mwa nambala, LED imangokuyandikira osafikapo. Makina a 1978 anapangidwa kuti azioneka motero, choncho galasi lililonse lozima liyenera kuyamba layezedwa lisanaweruzidwe, ndipo amisiri okalamba amene akadali ndi lusoli angachite bwino kuphunzitsa achinyamata kuyeza mavoliti 190 aja mosadzivulaza.