KU WUSAKILE, KUMENE MIPINGO INAYAMBA YAPEMPHERA M'NYUMBA IMODZI

Munthu wocokera ku Katete kapena ku Chipata akafuna kukafika ku Wusakile ayenera kukhala wa msana wolimba. Basi imtula ku Lusaka, ina imnyamula kupyola Kabwe ndi Kapiri Mposhi kufikira ku Kitwe. Cizindikiro cakuti wafika ndi phiri lakuda bii, lopanda mtengo ngakhale umodzi, limene anthu amalicha Black Mountain. Phirili analiunjika ndi anthu: ndi zotsala za miyala imene inasungunulidwa pofuna mkuwa pa mgodi wa Nkana. Pafupi pace ndipo pali komboni ya Wusakile, imene kampani ya Rhokana inamangira anchito ace acikuda.

Tsiku la Sabata mlamu wanga ananditenga kukapemphera. Ine ndinayesa tipita ku chalichi, koma tinalowa pa sukulu ina. M'cipinda ciri conse munali mpingo wacewace. Uku ng'oma, uku gitala, uku mlaliki wa cokuzira mau, kotero kuti Amen wa anansi athu anali kugwera pakati pa pemphero lathu. Ndinena zoona, tsiku limenelo ulaliki sindinaumve bwino. Denga linali limodzi, koma mpingo uli wonse unatseka citseko cace.

Pamenepo ndinakumbuka kuti m'dera lomweli la Migodi makolo athu anayesapo njira ina. Ca m'ma 1925 Akristu ogwira nchito ku Ndola, ambiri a iwo ocokera ku Nyasalande, anayamba kusonkhana pamodzi posayang'ana mishoni imene munthu anabatizidwira. Anasankha akulu a mpingo okha, nasonkha ndalama zolipira alaliki okha. Mpingowo unachedwa Union Church in the Copperbelt, ndipo unafalikira m'makomboni a migodi. Mbusa A. J. Cross wa Baptist anali kuwathandiza, koma nchito inali ya eni ace. Amishoni anacita kutsatira m'mbuyo: bungwe lao la United Missions in the Copperbelt linapangidwa mu 1936, caka comwe tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa.

Awerengi, musayese kuti cinali cinthu capafupi. Kuimika makoma ndi kukhoma malata mmisiri ali yense akhoza, koma bvuto liyamba pofunsa cimene ciikidwe m'katimo. Tatengani madzi. Mkristu wa Baptist abatiza munthu wamkulu pomumiza thupi lonse, motero afuna dziwe kapena mtsinje. Mnzace wa ku Livingstonia akhuta ndi kambale ka madzi, ndipo abwera ndi khanda lace lomwe. Tatenganinso kutsogolo kwa nyumba. Wa Anglican ayang'ana guwa la nsembe ndi makandulo, nafuna malo ogwada. Wa mishoni ya Ciskochi aika gome wamba, ndipo cacikuru kwa iye ndi pokwera mlaliki ndi Buku. Nanga nyimbo? Pa benchi imodzi pakhala Mbemba, Mtumbuka, Mlozi ndi Mnyanja, yense ndi buku lace la nyimbo. Kuganiza kwanga, cimene cinawathandiza ndi kusauka kwao. Analibe ndalama zokongoletsera nyumba monga mwa mwambo wa mpingo umodzi, ndiye panalibe cokhomedwa pa khoma cakuti mlendo acione nanena mumtima kuti pano si pathu.

Tsiku lotsatira ndinakwera kabasi kupita ku Mindolo, mbali ina ya tauni. Kumeneko kuli Mindolo Ecumenical Foundation, imene inatsegulidwa mu 1958 kuti anthu a mipingo yosiyanasiyana aziphunzira pamodzi, ndipo nyumba yace ya mabuku ili ndi dzina la Dag Hammarskjöld, mlembi wamkuru wa United Nations amene anafa pa ngozi ya ndeke pafupi ndi Ndola mu September 1961. Pa Mindolo pomwepo, pa 16 January 1965, panabadwa United Church of Zambia, pamene a Methodist ndi mpingo wa ku Barotseland anagwirizana ndi mpingo umene unali utaphatikiza kale Akristu a London Missionary Society, a Church of Scotland ndi a ku Migodi. Si onse analowa ai. A Anglican ndi a Baptist anatsala paokha, cimodzimodzinso mpingo wa Adachi umene ambiri a ife kum'mawa tinakuliramo. Akatolika anali ndi machalichi ao kuyambira kale.

Nkhaniyi siinathe. Mu 2015 Mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, Edgar Lungu, anayambitsa nchito yomanga National House of Prayer ku Lusaka, yakuti mipingo yonse izipempheramo. Wolemba mapulani a nyumba yotere akumana ndi mafunso omwe aja a madzi, gome ndi cinenero, ndi ena pamwamba pace. Wa Sabata adza Loweruka. Ndipo ngati citseko citsegukira onse, Msilamu adza Lacisanu, afuna posamba m'manja ndi m'mapazi, afuna pansi poyera popanda mabenchi ndi popanda zithunzi, ndi cizindikiro comuonetsa kumene kuli Mecca. Benchi yokhomerera pansi ndi simenti yamcotsa kale iyeyo mmisiri asanafolere denga.

Pa sukulu ija ya ku Wusakile, dzuwa litafika pamutu, ndinaona amai awiri a mpingo wathu alikupinda nsaru yoyera imene anayala pa tebulo la mphunzitsi. Anyamata anabweza madesiki m'mizere yace, wina nasesa. Pa bolodi panali pakali masamu a Lacisanu, opanda wowafafaniza. Pakhomo panaima kale anthu a mpingo wina, ng'oma yao ili m'khwapa, kudikira kuti ife tituruke.