Kapemphedwe ka M'minda ya Tiyi ku Thyolo

Amayi anzanga, tsiku limene mudzakwere basi ku Limbe yoloŵera ku Mulanje, mudzakhale cha kuzenera. Mukangopitirira msika wa Bvumbwe, minda ya chimanga imayamba kuchepa, ndipo posakhalitsa maso anu adzagwera pa zitunda zobiriŵira ngati wina waziyalira nsalu. Ameneyo ndiye tiyi wa ku Thyolo. Anayamba kumubzala m'bomali m'chaka cha 1908 pa Bandanga, ndipo mukamapita mudzamva maina ena monga Naming'omba, Conforzi, Makwasa ndi Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anaikhazikitsa mu 1923.

M'nyengo ya dzinja mudzaona amayi ndi abambo atabereka madengu kumsana, akuthyola masamba aŵiri ndi kansonga kake, kenaka ulendo wa kusikelo kumene kalaliki amalemba kulemera kwake. Zonsezo nzokoma kuona, koma ine ndikuti mukatsike ndi kutchera khutu ku kalankhulidwe kawo.

Kuno kunakumana mitundu. Amang'anja anali kale m'derali. Alomwe ambiri anabwera kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ayao ndi Asena nawonso anadzafuna ntchito. Pakomboni munthu amakhala khomo ndi khomo ndi mlendo, mayi ake ali kutali, mlamu wake ali kutali. Mchere ukatha ndiwo zili pamoto, wodalira ndi mnansi yekhayo. Ndiye kuno pakamwa ndi chuma.

Palinso mbiri yoŵaŵa. Kale mawu akuti kuthangata ankatanthauza kuthandizana, monga achitira anthu pa dima. M'maesiteti a atsamunda mawuwo anapotozedwa: thangata inasanduka ntchito yokakamiza, imene wokhala pa malo a mzungu ankagwira m'malo mwa lendi, ndipo wokana ankathamangitsidwa. Mu 1953 bomali, limene panthaŵiyo linkalembedwa Cholo, linaona zipolowe zimene nkhani ya malo inali pamtima pake, ndipo thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Agogo amene anakula akumva lamulo likutchedwa thandizo salephera kusiyanitsa wopempha ndi wolamula.

Kusiyanako nkwakung'ono zedi. «Ndipatse madzi» ndi mawu a kwa mwana. «Ndipatseni madzi» alemekeza munthu, koma akadali lamulo. «Ndipatseniko madzi», pamenepo mtima wa wopemphedwa wafeŵa, chifukwa kamawu kakuti -ko kakuti: sindifuna onse ayi, pang'ono chabe. Wodziŵa kulankhula amaonjeza: «Pepani amake Joni, mungandigaŵireko kamchere?» Taonani, wayamba ndi pepani asanalakwe kanthu, wamutchula mnzake ndi dzina la mwana wake, mcherewo wauchepetsa, ndipo wafunsa funso, kumusiyira mpata wokana. Akapatsidwa alandira ndi manja aŵiri, bondo litapindika.

Musayese kuti luso lotere ndi lathu lokha. Kutali ku Asia kuli dziko la Philippines, la zilumba zoposa 7,000, kumene anthu ambiri amalankhula Chitagalog. Iwo akafika pakhomo la eni amaitana kuti «Tao po!», ndiye kuti pali munthu pano, ameneyo ndi odi wathu. Kamawu kakuti po amakaponya m'chiganizo chilichonse polankhula ndi wamkulu, ndipo eya waulemu ndi opo. Pamene ife timaika -ko kumapeto, iwo amaika paki kumayambiriro: abot ndi kupatsira, choncho «Pakiabot po ang asin» ndiye kuti ndipatsireniko mcherewo. Podutsa pakati pa anthu amati «Makikiraan po», monga ife timati zikomo tikuŵerama. Munthu mmodzi wolemekezeka amamutchula kayo, mawu a anthu ambiri, ndendende ndi inu wathu. Ngakhale wogulitsa pamsika amene sakumudziŵa amamuitana ate kapena kuya, achemwali kapena achimwene.

Koma tibwerere kwathu, pakuti pali pamene ife amayi timalephera. M'magulu athu ndimaona kaŵirikaŵiri kuti ulemu wathu umazungulira mpaka pempho lenilenilo limasoŵa. Mayi mwana wake wagona ndi malungo, apita kwa akapitawo, agwada, afunsa za kunyumba, ati «mwanatu sakupeza bwino», nkukhala chete kudikira kuti amumvetse. Apongozi angamumvetse, chifukwa ali ndi nthaŵi yokhala pamphasa. Akapitawo ali ndi anthu ambiri pamzere ndi masamba oti afike kufakitale asanayambe kutentha m'matumba; iwo angoti «pepani, achira», basi nkupita. Mayi uja abwerera kumunda akulira chamumtima, mwana ali yekha kukomboni.

Chimodzimodzi tsiku la malipiro. Ena amangoti «ufatu watha» akuyang'ana kumbali, bambo nkunamizira kusamva. Ena, potopa, amalalata, ndipo ndalama zimathera kumoŵa ndithu. Njira yachitatu ilipo: kudikira adye, ana atuluke, nkunena kuti, «Abambo ake a Joni, ndimati ndipempheko ya thumba la chimanga ndi ya yunifolomu ya mwana, zina muona nokha.»

Kwa akapitawo nawonso, ulemu ukhalepo wonse, koma chinthucho chitchulidwe, ndi tsiku lake lomwe: «Pepani akapitawo, mwana wanga watentha thupi usiku wonse. Ndikupempha mundiloleko ndipite naye kuchipatala ku Malamulo m'maŵa uno, ndidzaloŵa m'munda Lachitatu.» Akakana, mufunse mofatsa kuti nanga ndikaonane ndi yani, ndipo mupite ndi mnzanu mmodzi woti akamve nawo yankho.