Pamene dongle imodzi inkadyetsa makompyuta awiri

Achinyamata a masiku ano akamva kuti kale kulowetsa intaneti mu virtual machine inali ntchito yodya madzulo athunthu, amayesa nthano. Iwo amangoyatsa hotspot pa foni, laputopu n'kugwira, ndipo kompyuta yachiwiri imene aimanga m'kati mwa laputopuyo nayonso imapezeka ili pa intaneti popanda kuinyengerera. Ife tidayenda njira yaminga, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndimaisowa.

Kwa amene sadaigwirepo, virtual machine ndi kompyuta yopangidwa ndi pulogalamu, yokhala m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Umaidulira gawo la RAM ndi la hard disk, n'kuikamo Linux kapena Windows ina, ndipo imayenda pawindo lakelake. Ophunzira za makompyuta ku makoleji a Poly ndi Chanco ankaikonda pa chifukwa chodziwikiratu: laputopu inali imodzi, mwinanso yobwereka kwa achimwene, ndipo kufufuta Windows kuti uikemo Ubuntu kudali kuputa mlandu pa banja. Pulogalamu yomangira virtual machine yotchedwa VirtualBox itatulutsidwa mwaulere mu 2007 ndi kampani ya ku Germany yotchedwa Innotek, idatipatsa pothawira. Sun idagula kampaniyo mu 2008, Oracle nayo n'kugula Sun mu 2010, koma kwa ife chachikulu chidali chakuti pulogalamuyo sinkafuna ndalama. Ubuntu yeniyeniyo inkabwera pa CD, ndipo mpaka 2011 kampani ya Canonical inkatumiza ma CD amenewa pa positi kwa aliyense wopempha, osalipira. CD imodzi inkazungulira hositelo yonse mpaka kukalika. Ndani akadalimba mtima kukoka 700 MB ndi mayunitsi okanda?

Nthawi imeneyo, cha m'ma 2010, pamene dzina la Zain linkafufutidwa pa zikwangwani kuti palembedwe Airtel, intaneti ya munthu wamba inali dongle. Kanali kachipangizo kotalika ngati chala, nthawi zambiri ka Huawei kapena ZTE, kolowetsamo simukhadi. Tinkawerenga nyengo pa kanyale kake. Pa Huawei, kuwala kobiriwira kunkatanthauza 2G, ndiye kuti pita kaye ukatereke tiyi; kwa buluu kunkatanthauza kuti 3G yagwira. Pa bokosi padalembedwa 7.2 Mbps, koma liwiro lenileni linkadalira pamene wakhala. N'chifukwa chake ambiri tinkagula chingwe cha USB chachitali n'kupachika dongle pawindo, kuyang'anitsa kumene kuli nsanja ya netiweki.

Tsono vuto linkayamba ukafuna kuti intaneti yochepayo idye makompyuta awiri.

Njira yoyamba, imene VirtualBox inkasankha yokha, ndi NAT. Mnzanga wina adandifotokozera mosavuta kuti zili ngati mmene anthu akumudzi ankalandirira makalata kudzera pa bokosi la positi la sukulu kapena la tchalitchi. Dziko lakunja limadziwa keyala imodzi yokha, ndipo aphunzitsi aakulu ndiwo amadziwa kuti kalata iyi ndi ya yani. Kompyuta yam'kati inkalandira nambala yake, 10.0.2.15, n'kumatumiza zonse kudzera pa 10.0.2.2, ndipo kompyuta yaikulu inkazitulutsa m'dzina lake. Manambala awiriwa adakhazikika m'mutu mwa aliyense wa m'badwo wathu. Kawirikawiri NAT inkagwira bwino. Koma dongle ikaduka n'kulumikizanso, zimene zinkachitika tsiku lililonse, nthawi zina kompyuta yam'kati inkatsalira ndi DNS yakale. Ukayesa ping pa 8.8.8.8 yankho linkabwera, koma ukalemba dzina la tsamba, zii. Apa m'pamene mwana wa munthu ankamvetsa koyamba kuti kupeza njira ndi kumasulira dzina ndi ntchito ziwiri zosiyana. Buku lidali litanena kale zimenezi, koma sizinkalowa mpaka utaziona ndi maso.

Amene ankaphunzira zoyendetsa seva sankakhutira ndi NAT, chifukwa kompyuta yobisala kuseri kwa inzake sifikiridwa mosavuta ndi makompyuta ena. Iwo ankafuna bridged, njira imene kompyuta yam'kati imaima payokha pa netiweki ndi keyala yakeyake. Apa ndiye dongle inkakaniratu. Ma dongle akale ankachita kuimba ngati foni, pa nambala ija ya *99#, n'kutsegula njira ya PPP yolumikiza mbali ziwiri zokha, iwe ndi kampani ya foni. Kampaniyo inkapereka keyala imodzi pa simukhadi imodzi, basi. Padalibe khadi ya Ethernet yoti mlatho uimepo, moti nthawi zambiri dongle sinkaoneka n'komwe pa mndandanda wosankhapo. Anyamata ankagona mochedwa kufunafuna batani limene kulibe. Ochenjera ankazungulira: ankatsegula khadi ya host-only, kenaka n'kuuza Windows kuti igawe intaneti ya dongle kudzera pa Internet Connection Sharing. Windows 7 inkasintha keyala ya khadiyo kukhala 192.168.137.1, ndipo amene sadadziwe zimenezi ankangoona zonse zafa.

Panalinso njira ya olimba mtima, yopereka dongle yonse kwa kompyuta yam'kati kudzera pa USB. Iyi ndiyo ndimaikumbukira kwambiri, chifukwa inkaonetsa khalidwe lachilendo la kachipangizoka. Ukangokalowetsa kankadzionetsa ngati CD, kuti kaike kaye pulogalamu yake, monga Mobile Partner, ndipo pambuyo pake kankasanduka modemu n'kusintha nambala yodziwikira. Pa Linux, ntchito yokasandutsa inali ya usb_modeswitch. Tsono kakangosandulika, VirtualBox inkakaona ngati chipangizo china, n'kukabweza kwa kompyuta yaikulu. Mankhwala ake adali kulemba nambala ya wopanga yokha pa fyuluta ya USB ya mu VirtualBox, 12d1 ya Huawei kapena 19d2 ya ZTE, malo enawo n'kusiya opanda kanthu. Kuyambira pa VirtualBox 4.0 unkafunikanso kukoka Extension Pack kuti USB 2.0 igwire, ndipo nayonso inkadya bandulo. Zonse zikatheka, Ubuntu yam'kati inkalowa pa intaneti, koma Windows yakunja n'kutsala pa mdima. Nzeru zoterezi sizinkaphunzitsidwa m'kalasi. Zinkachokera kwa mnzako wa chipinda choyandikana, zolembedwa kuseri kwa kope, ndipo wozilandira ankadziwa kuti mawa adzazipereka kwa wina.

Zinthu zidasintha mwakachetechete. Android 2.2 idabweretsa hotspot mu 2010, ndipo mafoni otere atachuluka m'matumba mwa anthu, dongle idayamba kuiwalika m'dirowa. Ma dongle atsopano a HiLink adasiya kuimba, adayamba kudzionetsa ngati khadi ya netiweki yokhala ndi tsamba lake pa 192.168.8.1, ndipo bridged idayamba kugwira. Kudabwera MiFi, kudabwera 4G. Lero laputopu ya 8 GB ya RAM si yodabwitsa, pamene ife tinkadula 512 MB pa 2 GB n'kumamvera fani ikulira. VirtualBox 7.0 ya mu 2022 idaika USB 2.0 ndi 3.0 m'pulogalamu yaikulu, ndipo wofuna Linux pa Windows angathe kungoyatsa WSL. Zonsezi ndi zabwino, ndipo sindingafunire mwana aliyense kuti abwerere ku kanyale kobiriwira.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti njira idabisika koma mtengo sudabisike. Kale pulogalamu ya dongle inkakhala pamaso pako, ikuwerenga kilobaiti iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndipo unkazimitsa zithunzi pa Firefox, zokoka zikuluzikulu n'kudikira bandulo ya usiku. Lero wophunzira amayatsa virtual machine ali pa hotspot, osadziwa kuti kompyuta yam'katiyo imayesa kuti yalumikizidwa pa chingwe cha mu ofesi. Khadi imene VirtualBox imaipatsa imaoneka ngati Ethernet wamba. Ngakhale utauza Windows yakunja kuti intaneti iyi ndi yolipira pa mlingo, uthengawo sufika m'kati. Windows yam'kati imayamba kukoka ma update ake, Ubuntu nayo imakoka ake, ndipo bandulo ya sabata imatha munthu asadalembe mzere umodzi wa ntchito yake. Amatsala akudandaula kuti data yabedwa, chonsecho wakudya ali m'laputopu momwemo.

Mphwanga wina wa ku koleji atabwera ndi dandaulo lomweli, sindidamuuze za *99# kapena za chingwe chapawindo. Tidatsegula Windows yam'katiyo, tidapeza pamene amalembapo metered connection pa khadi ya Ethernet, n'kuyatsa. Kenaka ndidamupempha kuti atsegule Command Prompt alembe ipconfig. Padatuluka 10.0.2.15. Adandifunsa kuti, "Achimwene, nanga foni yanga ikupereka nambala ina, iyi yachokera kuti?" Tidakoka mipando, ndipo ndidayamba kumujambulira pa pepala kuchokera pa simukhadi.