Tsiku Limodzi ku Brugge, Mzinda wa Ngalande

M'dziko la Belgium muli mzinda wakale wochedwa Brugge, umene olankhula Cifalansa amaucha Bruges. Kucokera ku Brussels ndi ulendo wa ola limodzi pa sitima. Makedzana ngalande zake ndizo zinali misewu ya amalonda: zombo zinali kubwera ndi ubweya wa nkhosa wa ku England, nizibwerera ndi nsalu. Koma njira ya madzi yochedwa Zwin, imene inali kulumikiza mzindawu ndi nyanja, inadzala mcenga, ndipo pofika zaka za m'ma 1500 malonda anali atasamukira ku Antwerp. Umphawi umene unatsatira ndiwo unasunga Brugge, pakuti anthu analibe cuma cogwetsera nyumba zakale ndi kumanga zina. M'caka ca 2000 bungwe la UNESCO linaika pakati pa mzindawu m'gulu la malo a colowa ca dziko lonse.

Tinapitako anthu asanu: ife agogo awiri, mwana wathu wamkazi amene agwira nchito m'dzikolo, mkamwini wathu, ndi mdzukulu wa zaka ziwiri. Wamng'onoyu ndiye anali mfumu ya ulendo. Misewu ya kumeneko ndi ya miyala yoyala, ndipo kangolo kake kokankha kanali kunjanja ngati ngolo ya ng'ombe pa mseu wa kumudzi. Ambuya ake sanalankhule zambiri. Anatulutsa citenge m'thumba nam'bereka kumbuyo, kangolo nikasanduka konyamulira majuzi ndi cakudya.

Koma mwana amene wangodziwa kukoma kwa mapazi ake sakhalitsa kumsana. Apa ndipo panali nkhawa yathu, cifukwa m'malo ambiri mphepete mwa ngalande mulibe cochinga, ndipo pamadzi pamayandama mbalame zoyera za makosi atali, zoposa tsekwe kukula, zimene iye anafuna kuzigwira. Tsiku lonse dzanja lake linali kucoka kwa mmodzi kupita kwa wina, iye akukoka, ife tikukaniza. Ku Begijnhof, mudzi wa akazi opemphera umene unakhazikitsidwa mu 1245, alendo amapemphedwa kukhala cete. Ife tinangodutsa mofulumira. Nsanja ya mabelu ya pa bwalo la msika, ya masitepe 366, tinaiona tili pansi, ndipo mawondo athu sanadandaule. Pa bwato loyendera ngalande, ulendo wa theka la ola, mfumu inagona tulo tisanapyole ulalo waciwiri.

Ku chalichi ca Magazi Oyera tinagwada kanthawi kocepa. Mwambo umati Thierry wa ku Alsace ndiye anabwera ndi cikumbutso ca magazi a Ambuye kucokera ku Dziko Loyera, ndipo caka ndi caka, pa tsiku la Kukwera Kumwamba, amayenda naco m'misewu pa mdipiti waukulu.

Kumene tinakhalitsa ndi ku chalichi ca Amai Maria, cimene nsanja yake ya njerwa ndi yopitirira mamita 115. M'menemo muli cifaniziro ca mwala woyera ca Maria ndi Mwana Yesu, cosemedwa ndi Michelangelo ca m'ma 1504 ndi kugulidwa ndi amalonda a nsalu a banja la Mouscron. Cinalandidwa kawiri: Afalansa anacitenga mu 1794, ndipo asilikali a Germany anacitenganso mu 1944, nicipezeka caka cotsatira mu mgodi wa mcere ku Altaussee, m'dziko la Austria. Kuti ucione umalipira pakhomo, cinthu cimene sicitikomera mtima m'nyumba ya Mulungu, ngakhale tidziwa kuti denga lotere silidzikonza lokha.

Tinazolowera zithunzi za Yesu wakhanda ali pa cifuwa ca amake. Uyu ndi wina. Ndi mwana wa msinkhu wa mdzukulu wathu, waimirira pakati pa mawondo a amake, phazi likutsetserekera pansi, wokonzeka kucoka. Dzanja lake likali m'dzanja la Maria, koma Maria sam'gwira mwamphamvu, ndiponso samuyang'ana. Maso ake ali pansi, nkhope ili phee, ngati munthu amene akumbukira mau a Simeoni m'Kacisi. Taphunzitsa za lupanga lija m'makalasi a katekisimu zaka zambiri, koma tsikulo tinaliona titatopa ndi kugwira kadzanja kofuna kupulumuka, ndipo pambali pathu panaima mwana wathu, amene tinam'perekeza ife tomwe ku bwalo la ndege ku Lusaka, amene mwana wake akukula ndi cilankhulo cimene ife sitimva.

"Atate, taonani kaphaziko," anatero mwana wathu monong'ona. "Kakupita ndithu."

Ambuya anayamba Tikuoneni Maria capansipansi, koma sitinafike pa Ameni. Mdzukulu anali atazindikira kuti mau ake amabwerera m'chalichi cacikulu, nayamba kuyesa mphamvu zake zonse. Mkamwini anam'nyamula msanga, tonse tinatuluka. Panja tinam'gulira chipisi cotentha, cimene theka lake anadyetsa nkhunda, ndipo tinatsata ngalande kubwerera ku sitima ya madzulo.